Mapu a maganizo: momwe mungayalire zimene zili m'mutu papepala limodzi

Pali ntchito imene anthu ambiri amaiyamba kangapo osaimaliza: kukhala pansi kuti alembe dongosolo la chinthu chimene akhala akuchiganizira kwa miyezi. Wina akufuna kuyamba kuweta nkhuku, wina wapatsidwa mutu woti akalankhule pamsonkhano, wina mayeso a MSCE ayandikira ndipo notsi zadzaza makope atatu. M'mutu zinthu zimakhala zili yakaliyakali, koma munthu akatenga cholembera amalemba nambala 1 n'kuima pomwepo. Chimavuta n'chakuti ndandanda imafuna kuti mudziwiretu chomwe chili choyamba, pamene maganizo sabwera pamzere. Amabwera onse nthawi imodzi, funso la mtengo wa chakudya likukankhana ndi la khola, la khola likukoka la akuba.

Mapu a maganizo, omwe pa intaneti mungawapeze ndi dzina loti mind map, amakulolani kulemba ganizo lililonse momwe labwerera, kusanja kuzibwera pambuyo. Mutu wa nkhani umakhala pakati pa pepala, mfundo zikuluzikulu zimatuluka pamenepo ngati nthambi za mtengo, ndipo pa nthambi iliyonse pamaphuka tinthambi tina. Amene anatchukitsa njirayi ndi Tony Buzan wa ku Britain m'zaka za m'ma 1970. Kwa ine phindu lake lalikulu ndi loti mapu amakuonetsani pamene simunaganize. Mbali ya nkhani imene mwakhala mukuithawa imaoneka poyera, chifukwa nthambi yake imakhala yopanda kanthu.

M'malangizo awa titsatira chitsanzo chimodzi: munthu amene akufuna kuweta nkhuku 100 zanyama, zija zoyera, kuti adzagulitse pa Khirisimasi. Inu muikepo nkhani yanu.

## Zoti mukhale nazo pafupi

- Mapepala atatu a A4 opanda mizere. Pepala la m'kope limakukokerani kulemba kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye mubwerera ku ndandanda yomwe ija. Ngati a A4 palibe, kuseri kwa kalendala yakale kapena katoni yoyala bwino zimathandiza, ndipo zimaposa chifukwa malo ake ndi aakulu.
- Pensulo ndi labala.
- Mabolopeni a mitundu itatu. Yakuda, yabuluu ndi yofiira zikukwana, musawononge ndalama kugula zopentera.
- Kalendala ya chaka chino, ngati nkhani yanu ili ndi masiku.
- Mphindi pafupifupi 40 zopanda wokuitanani. Foni ikhale yoyesera nthawi basi, isalire.

## 1. Lembani mutu umodzi pakati pa pepala

Gonekani pepala chopingasa, kuti litalike kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mawu amayenda cham'mbali, choncho nthambi zimafuna malo ambiri m'mbali kuposa m'mwamba. Pakatikati lembani mutu wa nkhani n'kuuzunguliza ndi kamzere. Kabwaloko kasapose masentimita 5, chifukwa malo mudzawafuna kwambiri kutsogoloku. Ngati mumakonda kujambula, ikanipo kachithunzi kakang'ono. Ngati simukonda, mawu okha akwana.

Chenjezo: apa ndi pamene ambiri amalakwira asanapite patali. Amalemba mutu ngati "Bizinesi" kapena "Tsogolo langa". Mutu wotere umameza chilichonse, ndipo pakangotha mphindi 10 pepala limadzaza ndi nkhuku, kaunjika, sukulu ya ana ndi malata a nyumba. Uchepetseni mpaka ukhale chinthu chimene mungachiloze ndi chala. Woweta nkhuku wathu uja alembe kuti "Nkhuku 100, Khirisimasi". Nambala ilipo, nthawi ilipo. Ngati muli ndi nkhani ziwiri, mapu akhalenso awiri.

## 2. Khuthulani zonse papepala lina

Musathamangire kujambula nthambi. Tengani pepala lachiwiri, mutchere mphindi 10, ndipo mulembe chilichonse chimene chikubwera m'mutu pa nkhaniyo, paliponse pamene pali malo. Musasankhe, musafufute, musadzifunse ngati n'chanzeru.

Pepala la woweta nkhuku likhoza kutuluka chonchi: anapiye, makala, chitopa, agalu, ngongole, utuchi, nyale, fungo kwa aneba, zomweramo, ndani azisamala ndikapita kuntchito, zitosi, mvula ikadontha, mtengo wogulitsira, makoswe, mbaula. Zina n'zazikulu, zina n'zazing'ono, zina ndi nkhawa chabe. Zonse zilembedwe, makamaka nkhawazo, pakuti ndi zimene zimakusowetsani tulo ndipo kawirikawiri mkati mwake mumakhala funso lenileni.

Chenjezo: mutu ukauma pa mphindi yachitatu kapena yachinayi, musaimirire. Dikirani cholembera chili m'manja. Maganizo oyamba ndi odziwika kale kwa aliyense, amene amabwera pambuyo pa kachete kaja ndiwo anuanu.

## 3. Pezani nthambi zikuluzikulu

Tsopano werengani pepala lija n'kuona mawu amene ali pachibale. Makala, mbaula, utuchi, makoswe ndi denga lodontha zonse zikunena za khola. Ngongole ndi mtengo wogulitsira zikunena za ndalama. Gulu lililonse lipatseni dzina lalifupi, ndipo mainawo ndiwo nthambi zanu. Kwa wathu uja zituluka zisanu ndi imodzi: Khola, Anapiye, Chakudya, Matenda, Ndalama, Msika.

Jambulani nthambizi ndi pensulo kuchokera pa kabwalo kapakati, zonenepa kutsinde, zowonda kunsonga. Yambani kumtunda chakumanja n'kumazungulira momwe muvi wa wotchi umayendera, kuti mawa mudzadziwe poyambira kuwerenga. Siyani mpata waukulu pakati pa nthambi ndi inzake, ndiponso ngodya imodzi ya pepala ikhale yopanda kanthu, chifukwa nthambi ina imene simunaiganize idzabwera ndithu.

Chenjezo: nthambi zikuluzikulu zisapose 7. Katswiri wa zamaganizo George Miller analemba mu 1956 kuti munthu amagwira zinthu pafupifupi 7 m'mutu pa nthawi imodzi, ndipo ofufuza a pambuyo pake, monga Nelson Cowan mu 2001, anati nambala yeniyeni ili pafupi ndi 4. Mukapezeka ndi nthambi 12, ndiye kuti zina ndi ana a zinzake. "Makala" si nthambi payokha, malo ake ndi pansi pa "Khola".

## 4. Pa nthambi iliyonse, mawu ochepa

Buzan ankalimbikira kuti pa nthambi iliyonse pazikhala liwu limodzi lokha. Ine ndimaona kuti lamuloli n'louma pang'ono, mawu awiri kapena atatu savuta, makamaka ngati pali nambala. Koma cholinga chake n'chabwino. Mukalemba kuti "Ndidzagula chakudya kugolosale ya kumsika", mwatseka nkhani, palibenso chomera pamenepo. Mukalemba "Kogula" basi, pamaphuka mafunso: kumsika, kwa ogulitsa zambiri, mtengo wa mayendedwe, kugula pamodzi ndi anzanga.

Lembani mawu pamwamba pa mzere wa nthambi, osati kumapeto kwake, ndipo mzerewo utalike molingana ndi mawuwo. Zilembo zikhale zooneka bwino. Pepala musamalizungulize polemba. Mukatero mawu ena adzakhala chadodolido, ndipo simudzatha kuona mapu onse mwakamodzi, pomwe kuona zonse mwakamodzi ndiye chifukwa chake chojambulira.

## 5. Meretsani tinthambi pofunsa mafunso

Tengani nthambi imodzi, muisamutsirepo mawu a papepala lachiwiri lija, mukudula mzere pa liwu lililonse limene mwasamutsa. Kenako ifunseni nthambiyo mafunso awa: chiyani, zingati, liti, ndani, nanga zikavuta? Yankho lililonse likhale kanthambi.

Onani nthambi ya "Chakudya". Funso loti chiyani likupatsani tinthambi titatu, mitundu ya chakudya malinga ndi msinkhu wa nkhuku: starter, grower, finisher. Loti zingati likukakamizani kuchita masamu. Nkhuku imodzi yanyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 m'masabata 6, ndiye nkhuku 100 zidya makilogalamu 400, omwe ndi matumba 8 a makilogalamu 50. Lembani "matumba 8". Loti liti likukumbutsani kuti anapiye amadya pang'ono m'masiku oyamba, chakudya chambiri chimapita m'masabata omaliza. Lembani "ambiri kumapeto". Loti nanga zikavuta likubweretsa posungira, pakuti chakudya chikanyowa chimachita nkhungu ndipo makoswe sachedwa kuboola thumba.

Nthambi ya "Khola" imeranso chimodzimodzi. Malo: pafupifupi nkhuku 10 pa sikweya mita imodzi, ndiye masikweya mita osachepera 10. Pansi: utuchi wouma kapena mankhusu a mpunga. Kufunditsa: anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35 sabata yoyamba, choncho mbaula ndi makala zikhalepo ngakhale muli ndi magetsi. Mpweya: mawindo a waya. Chitetezo: loko, agalu, makoswe.

Musadzikakamize kumaliza nthambi imodzi musanapite pa ina. Ganizo la matenda likabwera muli pa khola, dumphirani pa "Matenda", mulembe "chitopa" ndi "Gumboro", mubwerere.

Chenjezo: pamene simukudziwa yankho musalembe zongopeka. Ikani chizindikiro cha funso ndi bolopeni yofiira. Masiku operekera katemera, mwachitsanzo, amasiyana malinga ndi kumene mwagula anapiye, choncho kanthambi kake kalembedwe kuti "masiku a katemera ?" ndipo pambali pake "alangizi a ziweto". Nambala yongoganizira ikakhala papepala sabata imodzi imayamba kuoneka ngati yoona, ndipo mudzawerengera ndalama pa bodza.

Chenjezo lachiwiri: musapitirire mibadwo itatu kapena inayi ya nthambi. Ngati kanthambi kena kakukula mpaka kusowa malo, kapatseni pepala lakelake.

## 6. Yang'anani nthambi yowonda

Ikani cholembera pansi. Imirirani, muyang'ane pepala lili patebulo. Musawerenge mawu, onani maonekedwe okha. Nthambi ina idzakhala yodzaza mpaka kusefukira, ina ili ndi kanthambi kamodzi kapena ilibiretu.

Gawo ili ndi limene ndimaliona lofunika kuposa onse, ndipo ndi limenenso anthu amalidumpha. Nthambi yodzaza ndi ya zinthu zimene mumazidziwa kapena mumazikonda. Yowonda ndi ya zimene simukuzidziwa, kapena zimene mtima wanu ukuziopa. Kwa oyamba kuweta nkhuku, nthambi ya "Khola" imakonda kukhala yonenepa, poti kumanga kumasangalatsa ndipo kumaoneka. Ya "Msika" imapezeka ili ndi liwu limodzi: "anthu". Anthu ake ati?

Khalani pa nthambi yowondayo mphindi 10 zathunthu, muifunse mafunso omwe aja. Ndani? Aneba, anzanu a kuntchito, a kutchalitchi, eni malo odyera, a chiwaya, ogulitsa pamsika. Zingati? Apa lembani nambala pambali pa gulu lililonse, ndipo muone ngati zikufika 100. Mwina mupeza kuti anthu amene mungawatchule maina ndi 30 okha. Liti? Onse tsiku limodzi kapena pang'onopang'ono? Zamoyo kapena zosula kale? Ngati n'zosula, firiji ilipo? Nanga ofuna ngongole mudzawayankha bwanji?

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu n'chakuti nkhuku yanyama ikafika masabata 6 siyembekeza. Iliyonse imadya magalamu 150 mpaka 200 patsiku, ndiye nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku atatu. Mukachedwa kugulitsa ndi sabata imodzi, matumba awiri apita, ndipo phindu lapita nawo. Pa ndandanda wamba, mawu oti "kugulitsa" amakhala mzere umodzi kumapeto, wooneka wofanana ndi mizere ina yonse. Pa mapu, kuwonda kwa nthambiyo kumakuimitsani musanagule mwanapiye ngakhale mmodzi.

## 7. Lumikizani nthambi ndi mivi

Tengani bolopeni yabuluu. Fufuzani mawu a panthambi ina amene akukhudza mawu a panthambi inzake, muwalumikize ndi muvi wodutsa pakati. Pamwamba pa muviwo lembani liwu limodzi lofotokoza ubale wake.

Muvi woyamba uchoke pa "Msika" kupita pa "Anapiye". Tsegulani kalendala. Anthu amagula nkhuku za Khirisimasi masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, tinene kuyambira pa 22 Disembala. Mukabwerera m'mbuyo masiku 42, mufika pa 10 Novembala. Anapiye afike tsiku limenelo. Nthawi imeneyo ofuna anapiye amachuluka, ndiye oda ipite msanga, mu Okutobala. Khola nalo liyenera kutsukidwa, kupoperedwa mankhwala n'kukhala lopanda kanthu pafupifupi masabata awiri anapiye asanalowe, kutanthauza kuti likhale litatha kumangidwa Okutobala asanathe. Muvi umodzi wakupatsani madeti atatu.

Muvi wachiwiri uchoke pa tsiku la 10 Novembala kupita pa "Khola". Okutobala ndi Novembala ndi miyezi yotentha kwambiri kuno, ndipo nkhuku zanyama zikamakula zimafa ndi kutentha, makamaka m'madera otsika monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja. Pofika Disembala mvula imakhala itayamba. Choncho mawindo akhale aakulu, denga lisadonthe, ndipo mwina muchepetse nkhuku pa sikweya mita iliyonse.

Wachitatu uchoke pa "ambiri kumapeto" kupita pa "Ndalama". Ngati chakudya chambiri chimafunika m'masabata omaliza, ndiye kuti mpamba usathere pa khola ndi anapiye. Ndalama ya matumba omaliza iikidwe padera kuyambira tsiku loyamba. Ndipo ngati mukufuna kubwereka ku banki nkhonde, tsiku lobwezera likhale pambuyo pa tsiku logulitsa.

Chenjezo: mivi isachuluke. Chilichonse chimakhudzana ndi chinzake mwa njira ina, ndipo mukajambula zonse pepala lidzangokhala mizere yokhayokha. Mivi itatu mpaka isanu, ya zinthu zimene zikusintha zochita zanu, ndi yokwana.

## 8. Asiyeni agone, kenako jambulaninso

Mapu oyamba amakhala oipa, ofufutafufuta, nthambi zina zothinana. Asiyeni mpaka mawa. M'mawa muwaone ndi maso atsopano, muwonjezere zimene zabwera usiku, kenako muwaonetse munthu amene ntchitoyo anaichitapo. Musamufotokozere. Mupatseni pepala, mumufunse kuti chikusowa n'chiyani. Woweta nkhuku wakale sachedwa kuloza kuti simunaikepo za anapiye amene amafa m'masiku oyamba, kapena za madzi oyera omwetsera katemera.

Mukatero jambulani mapu achiwiri papepala lachitatu lija, tsopano ndi bolopeni. Nthambi zimene zinali zothinana zipatseni malo, zobwereza zichotseni. Pakona lembani tsiku.

## 9. Tulutsani ntchito m'mapu

Mapu paokha sagula anapiye. Tengani bolopeni yofiira, muzungulize kanthambi kalikonse kamene kakufuna kuti munthu adzuke akachite chinthu. Zizindikiro za funso zonse zija zili m'gulu limeneli. Kenako ikani manambala pa zozungulizidwazo malinga ndi chimene chiyenera kuyamba.

Tsopano ndandanda yafika nthawi yake. Kuseri kwa pepala lembani mizere, uliwonse uli ndi zinthu zitatu: ntchito, tsiku, munthu. "Kufunsa eni malo odyera atatu ngati angagule, Loweruka, ine." "Kufunsa alangizi masiku a katemera, Lachiwiri, mayi a kunyumba." Ntchito yoyamba ikhale yoti mutha kuichita lero kapena mawa.

Ngati mapu anu anali a nkhani yolemba kapena yokalankhula, manambala aikeni pa nthambi zikuluzikulu. Nthambi iliyonse isanduka ndime, tinthambi take tisanduka mfundo za m'ndimemo. Apa mukhale ndi mtima wodula. Nthambi imene siikuyankha funso limene mwafunsidwa isiyeni, ngakhale ili yodzaza bwanji.

## Mukamakonzekera mayeso

Kwa ophunzira njira ndi yomweyi, koma pali kusintha kumodzi kumene ndikufuna mukusunge. Mapu ajambuleni buku lili chitsekere.

Tinene mukuwerenga za malungo mu Biology. Werengani mutu wonse kamodzi modekha, mutseke buku, mulembe "Malungo" pakati, ndipo mutulutse zimene zatsala m'mutu. Nthambi ya choyambitsa: tizilombo ta Plasmodium, ndipo mtundu wofala kuno ndi falciparum. Ya kafalidwe: udzudzu waukazi wa Anopheles, woluma usiku. Ya ulendo wa m'thupi: tizilombo timayamba tapita kuchiwindi, kenako timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kumawaswa. Ya zizindikiro: kutentha thupi, kunjenjemera, mutu, kusanza, kuchepa magazi. Ya chithandizo: kuyezetsa kaye, LA kawiri patsiku kwa masiku atatu. Ya kupewa: masikito, kupopera m'nyumba, kukwirira zithaphwi, mankhwala a SP kwa amayi oyembekezera, ndiponso katemera wa RTS,S amene anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi mu 2019. Muvi uchoke pa "kuswa maselo ofiira" kupita pa "kuchepa magazi", chifukwa mafunso oti fotokozani chifukwa amachokera pa maubale otere.

Mukatha, tsegulani buku, muwonjezere ndi bolopeni yofiira zonse zimene munaiwala kapena kulakwitsa. Zofiirazo ndizo zoti muwerenge. Pakapita masiku atatu jambulaninso papepala latsopano osaonera, ndipo muone ngati zofiira zachepa.

Pali umboni wake. Mu 2011 Jeffrey Karpicke ndi Janell Blunt a ku Purdue University ku America anayerekeza ophunzira amene ankajambula mapu ofananako ndi awa akuonera buku, ndi amene ankatseka buku n'kumayesa kukumbukira. Patatha sabata, okumbukira aja ndi amene anakhoza bwino. Kukopera notsi mozungulira kumatenga nthawi ndipo kumakupatsani mtima woti mwawerenga, koma mutu umakhala usanagwire ntchito.

## Pagulu komanso pafoni

Pamsonkhano wa komiti, kaya ya ukwati, ya chitukuko kapena ya sukulu, jambulani pabolodi kapena papepala lalikulu lomata pakhoma. Wolemba akhale mmodzi, ndipo asakhale wapampando. Gawo lachiwiri lija, lokhuthula, aliyense alichite payekha papepala lake kwa mphindi 5 musanayambe kukambirana. Mukapanda kutero, mapu adzakhala a anthu awiri olankhulitsa, ndipo amayi ndi achinyamata amene amadikira kuti akuluakulu ayambe adzapita kwawo ndi maganizo awo. Pomaliza tolani chithunzi cha bolodi mutumize pa gulu la WhatsApp.

Mapulogalamu ojambulira mapu alipo, monga XMind, MindMeister ndi FreeMind. Ubwino wake ndi woti nthambi mutha kuisamutsa osafufuta. Komabe pa foni sikirini ndi yaing'ono, mumaona nthambi imodzi kapena ziwiri basi, ndiye nthambi yowonda ija simuiona. Ndikulangizani kuti mapu oyamba akhale apapepala nthawi zonse. Pulogalamu muigwiritse ntchito pa mapu achiwiri, ngati mukufuna kuwasunga kapena kutumizira wina.

## Zolakwitsa zimene zimabwerabwera

Kukongoletsa musanaganize. Ena amatha ola lathunthu akupenta kabwalo kapakati ndi kusankha mitundu. Mtundu uliwonse ukhale ndi ntchito: wakuda wa mfundo, wabuluu wa mivi, wofiira wa mafunso ndi zochita.

Kulemba ziganizo zathunthu. Mukaona kuti mawu akupinda kutsika mzere wachiwiri, mwabwerera ku notsi. Dulani, musiye liwu lonyamula mfundo.

Kufupikitsa mopitirira. Ili ndi vuto la mbali ina. Liwu ngati "madzi" lero mukulimva, koma pakatha mwezi simudzakumbukira ngati munkanena za madzi akumwa, a katemera kapena a mvula yodontha. Onjezerani liwu lachiwiri pamene pangakhale chisokonezo.

Kuyamba ndi zilembo zikuluzikulu. Pepala limatha musanafike pa tinthambi, pomwe mfundo zenizeni zili kunsongako. Likatha musapanikize mawu, matani pepala lina m'mbali.

Kugwiritsa ntchito mapu a wina. Mapu a mnzanu wa m'kalasi, ngakhale akhale ooneka bwino chotani, akuonetsa momwe mutu wake unasanjira zinthu. Muwaone mutajambula kale anu, kuti mupeze zimene mwasiya.

Kujambula mapu pa zinthu zosafuna mapu. Bajeti ya ndalama imafuna tebulo la mizere loti muwonkhetse. Kaphikidwe ka mandasi kapena kamwedwe ka mankhwala zimafuna ndandanda, poti dongosolo lake n'lodziwika kale. Mapu ndi a nkhani imene ili ndi mbali zambiri ndipo simunadziwe poyambira.

Kuwapinda n'kuwaika m'kabati. Matani mapu pamene mumaona tsiku ndi tsiku, kuseri kwa chitseko kapena pamwamba pa tebulo lowerengera, ndipo muzidula mzere pa chilichonse chimene chachitika. Nkhuku zikagulitsidwa musawataye. Tengani bolopeni ya mtundu wina, mulembe pambali pa kanthambi kalikonse zimene zinachitikadi: matumba angati anapita, anapiye angati anafa, ndani anagula, ndani sanalipire. Mapu a ulendo wachiwiri muwayambire pa manambala amenewo.